Mwendo Wachisanu wa Fayifi

Ana anga, mwandiumiriza kokwanira kuti ndilembe za ntchito yanga mutu usanayambe kutaya zinthu. Za ubwana wanga ku Ntcheu ndazisiya, mulibe chachilendo. Ndiyambira pomwe ndinayamba kugwira ng'ombe za anthu ena.

1994

Ntchito yanga yoyamba inali ya boma, pa dibi la ng'ombe ku Thekerani. Ndinali mlangizi wa ziweto wamng'ono chabe, koma anthu ankanditchula kuti adokotala, ndipo ine sindinavutike n'kuwakonza. Pofika 1994 mankhwala a dibi anali atasiya kubwera. Ndinkangokhala pansi pa mtengo n'kumaonerera nkhupakupa zikunenepa pa ng'ombe za eni ake. Nditamva kuti esiteti ina ya tiyi ya pakati pa Bvumbwe ndi boma la Thyolo ikufuna woyang'anira khola la ng'ombe za mkaka, amayi anu anayamba kumanga katundu ndisanamalize n'kufotokoza komwe. Dzina la esitetiyo sindilemba, chifukwa ena mwa anthu ake akadali moyo.

Amene anandilandira pakholapo anali a Namakhwa, Mlomwe wa ku Masambanjati, munthu wamtali, wa mikono yaitali, wosakonda kulankhula. Ntchito yawo inali yobereketsa ng'ombe, popeza esiteti sinkasunga nkhunzi. Mbewu ya nkhunzi inkachokera ku Blantyre m'timachubu topyapyala, touma gwa ndi kuzizira, tosungidwa m'thanki ya naitirojeni imene ukaitsegula inkafuka nthunzi yoyera. Ng'ombe ikafuna nkhunzi, a Namakhwa ankatulutsa kachubu kamodzi, n'kukaviika m'madzi ofunda a m'fulasiki kuti mbewu idzuke, kenako n'kuilowetsa m'ng'ombemo ndi dzanja lawo. Ankakhala kukomboni, m'nyumba ya kampani, ndi akazi awo ndi ana amene ankaphunzira pasukulu ya paesiteti. Paesiteti ntchito ndi nyumba zimayendera limodzi: ikatha ntchito, lole imabwera kudzanyamula mphasa zako.

1998

Chaka chimenechi kunabwera manijala watsopano, a Jere. Anali katswiri wa tiyi, zimenezo sindingawamane. Akayang'ana munda ankadziwa tsiku loudulira. Koma ng'ombe kwa iwo zinali ngati alendo amene achedwa kutsanzika. Fulasiki yathu itagwa n'kusweka, ndinapita ku ofesi kukapempha ina.

"Fulasiki pakhola?" anatero a Jere. "Mukufuna muzimwera tiyi?"

Ndinafotokoza ntchito yake. Anati tiona mwezi wamawa, ndipo mwezi wamawawo sunafike. A Namakhwa anayamba kuchita zomwe anzawo a m'midzi ankachita zipangizo zikasowa. Ankaika kachubu kaja m'khwapa, mkati mwa malaya, n'kuima phee ngati wodwala malungo amene akumuyeza kuchipatala. Mbewu ikafunda, ntchito n'kupitirira. Ng'ombe zinkatenga bere monga kale ndipo matole ankabadwa abwinobwino. Aliyense ankaona zimenezi. A Jere enieniwo anawapezapo tsiku lina ataima choncho, anaseka n'kunena kuti kampani yapeza fulasiki yosasweka.

2003

Kunali mu June, m'mawa wa chiperoni, pomwe kapitao wa okama mkaka, a Likoswe, anabwera kunyumba akuthamanga. Anangoti, "Adokotala, tiyeni mukaone nokha, ine sindinena."

Ng'ombe ina inali itabereka thole lalikazi, lakuda ndi loyera, lamphamvu, loima kale pa miyendo yake inayi. Koma paphewa la kumanja panali mwendo wina wachisanu. Unali wowonda, wokhala ndi bondo lake ndi chiboda chake, ukulendewera ngati mkono wa jekete lopachikidwa pamsomali. Ndinaugwira. Unali wofunda. Ndinaukoka pang'ono ndipo tholelo linanditembenukira mokwiya. Okama onse anali ataima patali, zitini zili m'manja.

"Taonani pomwe watulukira mwendowo," anatero a Likoswe motsitsa mawu. "Si pafupi ndi khwapa pamenepo? Mbewu ija yatengera kwa amene amaifunditsa."

Dzuwa lisanafike pamutu nkhani inali itakwana komboni yonse. Amayi othyola tiyi ankapatuka ndi madengu kumsana kudzasuzumira. Okama anakana kugwira mabere a ng'ombe zimene a Namakhwa anazibereketsa, ndipo zimenezo zinali ng'ombe zonse. Ogula mkaka a ku Bvumbwe anayamba kubweza zitini. Akazi a Namakhwa akafika pampopi, anzawo ankachotsa ndowa zawo. Mwambo wa pakholapo unali wakuti chiweto chobadwa chotere chimaphedwa tsiku lomwelo n'kukakwiriridwa kutali m'mabulugamu, nyama yake osadya. Ine ndinati ndiyambe ndaliyeza, n'kulitsekera m'kachipinda ka ng'ombe zodwala. Kunena zoona, sindinkadziwa chimene ndikanayeza.

Kusukulu ya ziweto anatiphunzitsa nkhupakupa, njoka za m'mimba ndi matenda a mabere. Palibe anatiuzapo kuti mwendo umadziwa bwanji malo omera. Ndinkadziwa kuti mbewu ikaonongeka ng'ombe sitenga bere, basi. Koma kuti ndilumbire kuti thukuta la munthu silingachite kanthu, mtima unkakana. Amayi anu anandipeza kuseri kwa nyumba nditaika chala m'khwapa, ndikuganiza. Anandiyang'ana n'kubwerera m'nyumba.

A Jere anandiitana. "Ine za khwapa kubala mwendo sindikhulupirira," anatero. "Koma munthuyu waphwanya ndondomeko ya ntchito, ndipo mbewu yaonongekera m'manja mwake. Mkaka ukubwezedwa. Eni kampani akufunsa. Lachisanu tikhala pansi ndi akapitao, inu monga katswiri mudzanene kuti vuto ndi kagwiridwe kake. Akachoka, anthu mitima ikhala pansi."

Ndinawakumbutsa za fulasiki. Anati za fulasiki sakuzikumbukira. Kumbukirani kuti tinali titangotuluka m'njala ya chaka chapitacho. Kumuchotsa munthu m'nyumba ya kampani nthawi imeneyo, ndi ana a sukulu, kunali kumutaya kutchire.

Mwamwayi iwe Tiyamike unali kunyumba patchuthi, kuchokera ku koleji ku Zomba komwe unkaphunzira za zamoyo. Abale ako sakudziwa zimene tinakambirana, choncho ndizilemba monga ndikuzikumbukira. Ukapeza ndapotoza, usandiseke. Ndinakutengera kukhola. Pomwe anthu akuluakulu ankaima patali, iwe unagwada n'kuyamba kupindapinda kamwendo kaja ngati wapeza mphatso.

"Ababa, mwendowu ndi wopangidwa bwino," unatero. "Taonani chiboda. Amene anaupanga sanalakwitse. Walakwitsa ndi amene anawatuma kuti akaupange paphewa."

Ndinafunsa kuti wotumayo ndani. Unati thupi lonse limayamba ndi kaselo kamodzi, n'kumagawikana, ndipo selo lililonse, la m'diso, la paphewa, la kumchira, limanyamula malangizo onse a chibadwa opangira thupi lathunthu.

"Nanga bwanji diso silimera mchira?"

"Chifukwa malangizo ena ntchito yawo ndi kulamula anzawo. Amati inu yambani apa, inu khalani chete apo, inu lekezani pamenepa. Ali ngati akapitao, ababa. Antchito ndi omwewo, makasu ndi omwewo, koma kapitao akawatuma munda wolakwika, akalima bwinobwino munda wolakwikawo."

Unandiuza za ntchentche zina zimene akatswiri amaweta m'mabotolo, zimene lamulo limodzi likasokonekera zimamera miyendo pamutu. Unaloza nkhuku ya kameta imene inkapalasa pafupi ndi khola, n'kunena kuti nthenga imadziwa kupanga, si izo zili m'mapiko, koma pakhosi pokha lamulo silifika. Kenako unapitirira mpaka ine ndinasochera. Unati ng'ombe, nkhuku, njoka ndi munthu zili ndi malangizo omangira thupi ofanana kwambiri, ndipo chimene chimazisiyanitsa kwenikweni ndi malo ndi nthawi imene malangizowo amayatsidwa. Kusintha kotere kukapatsiridwa kwa ana, mibadwo ndi mibadwo, maonekedwe a mtundu wonse wa nyama amasintha. Unati makolo akalekale a njoka anali ndi miyendo, koma lamulo lakuti pano pamere nthiti linafalikira pafupifupi thupi lonse, la miyendo n'kuzilala, ndipo n'chifukwa chake nsato ili ndi tizikhadabo tiwiri pafupi ndi mchira. Tizikhadabo timeneto ndinali nditationapo pa nsato imene alonda anapha kudamu, koma ndinkayesa minga imene inaibaya.

Pa chakudya ndinali ndidakali nazo. Paja ndinali mkulu wa mpingo.

"Ndiye ukuti ine, thole lija ndi nsato ndife apachibale?"

"Musayambe zimenezo pakudya," anatero amayi anu.

"Chabwino. Nanga akapitao akowo amawalamula ndani?"

"Akapitao ena, ababa."

"Nanga enawo?"

Unaseka. "Tikafika pamenepo aphunzitsi athu amayang'ana wotchi."

Ndinafunsa za khwapa. Unati khwapa lingathe kupha mbewu koma silingaipatse mwendo. Ndinafunsa chimene chinaupereka mwendowo, ndipo unati sukudziwa. Mwina kusokonekerako kunali kale m'magazi a nkhunzi ndi a make, mwina kunangochitika m'mimba thole likuumbika. Ine ndinagwira mwina woyambayo, wachiwiri anandipulumuka. M'mawa mwake unakwera basi kubwerera ku Zomba.

Lachisanu tinakhala pakhonde la ofesi: a Jere, akapitao, ine, ndi a Namakhwa atakhala pansi chipewa chili pabondo. Ndinaimirira ndi mtima wonse. Ndinayamba ndi maselo, ndinalowa m'ntchentche za m'mabotolo, ndinatulukira pa nsato. Ndinkadzimva ndekha kuti ndikusokonekera, koma kuima kunkakanika. Nditafika pa akapitao otuma antchito munda wolakwika, a Likoswe anadzuka.

"Bwana, ine ndikufuna ndimve bwino. Adokotala akuti walakwa ndi kapitao? Kapitao wa pakhola ndi ine. Ine mbewu sindinaigwirepo."

Akapitao a kumunda nawo anayamba kung'ung'udza. A Jere anagogoda patebulo. "Adokotala, mwatizunguza mitu tonse. Funso ndi limodzi. Vuto lili m'dzanja la munthuyu kapena m'magazi a ng'ombe?"

"M'magazi, bwana."

"Mungationetse?"

Apa ndi pomwe ndinanena mawu amene ndinkayesa nzeru. Ndinati thole lisaphedwe. Tililere, likule, libereketsedwe ndi munthu wina, ndi fulasiki. Ngati vuto lili m'magazi, mwana wake adzabadwanso ndi mwendo wachisanu, ndipo a Namakhwa adzakhala osalakwa. A Jere anaganiza pang'ono n'kuvomera. Anawonjezera mbali yawo: akadzabadwa wa miyendo inayi, ndiye kuti linali dzanja, ndipo a Namakhwa adzachoka osakambirananso. Padakali pano asiye kubereketsa, azimweta nsenjere zodyetsa ng'ombe, koma nyumba akhalemo. Aliyense anamva. Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati ndawina mlandu kukhoti. Sabata lomwelo fulasiki yatsopano inafika pakhola.

Pa Khirisimasi ndinakufotokozera monyadira, iwe Tiyamike, ndipo unagwira kumutu.

"Ababa, mwachita chiyani? Ngakhale zitakhala m'magazi, zimenezi zimatha kudumpha. Mwana angatengere lamulo labwino kwa nkhunzi n'kubisa loipalo. Ndipo ngati zinangochitika m'mimba, palibe chopatsira. Mwana wa miyendo inayi sangatsimikize kanthu za khwapa, koma ndi amene muyenera kumuyembekezera."

Ndinathamangira kwa a Jere tchuthi chitangotha. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Poyamba munati magazi. Lero mukuti magazi amadumpha. Mawa mudzati chiyani? Pangano munabweretsa ndinu, pamaso pa akapitao." Nanenso kudumphako sindinkakumvetsa. Ndinakawauza a Namakhwa zonse ali m'munda wa nsenjere. Anapukuta chikwakwa pa udzu n'kunena kuti, "Basi tidikira, adokotala. Anawa akhale akukankhako makalasi."

2004 ndi 2005

Okama analitcha tholelo Fayifi. Linakula bwino, lofatsa, ladyera. Mwendo uja sunakule mofanana ndi thupi, unkangogwedera likamayenda. Anthu anazolowera. Ogula mkaka anabwerera, okama anayambanso ntchito, ndipo ana a sukulu ankabwera ndi anzawo a kumidzi kudzawaonetsa. A Namakhwa akabweretsa mtolo wa nsenjere ankayamba kwa Fayifi, n'kumukanda pansi pa kamwendo kaja pomwe iye sankatha kudzinyambita.

Ine zaka zimenezi zinandivuta kuposa njala. Moyo wanga wonse ndinkapempherera matole athanzi. Tsopano ndikagwada ndinkasowa chopempha. Ndipemphe chilema kuti munthu asunge nyumba? Ndipemphe thole labwino kuti ana a mnzanga achoke pasukulu? Ndinkangoti Ambuye mukudziwa, n'kudzuka. Ndikayang'ana dzanja langa ndinkadzifunsa kuti ndani anauza zala kuti zilekeze pa zisanu. Nkhuku ya kameta ikadutsa ndinkaiyang'anitsitsa mpaka amayi anu anaipha kuti ndipume. Fayifi atakula, anabereketsedwa ndi munthu wina wochokera ku Limbe, madzi a m'fulasiki atayezedwa bwinobwino, akapitao akuonerera.

2006

Fayifi anayamba kubereka masana ena a mvula, mu February. A Jere anali atapita ku Limbe. Okama anali asanabwere ku mkaka wa madzulo, choncho pakhola tinalipo ine ndi a Likoswe. Ng'ombe inavutika nthawi yaitali koma kunkangooneka mphuno ndi chiboda chimodzi. Ndinasamba, ndinapaka sopo, n'kulowetsa dzanja. Mwendo wina wakutsogolo unali utapindikira m'mbuyo. Ndisanayese kuuwongola, zala zanga zinapita zokha paphewa la tholelo. Ndinafufuza kumanja, ndinafufuza kumanzere, ndinatsetsereka kumsana mpaka pomwe mkono wanga unalekeza. Panali posalala. Mtima wanga unagwa, ndipo ndinachita manyazi kuti wagwa.

Mkono wanga unali waufupi, sunkafika pa bondo lopindikalo. A Likoswe anathamanga kukaitana a Namakhwa kumunda wa nsenjere. Anabwera atanyowa, anavula malaya, anasamba mpaka m'mapewa. Asanalowetse dzanja anandiyang'ana.

"Ingati, adokotala?"

"Pamapewa palibe kanthu, achimwene."

Anagwedeza mutu. Analowetsa mkono wonse, anakankhira tholelo m'mbuyo, anawongola mwendo uja pang'onopang'ono, ndipo tinakoka limodzi. Linatuluka n'kugwera pa udzu, lalikazi, miyendo inayi. Koma silinkapuma. Lilime linali panja, maso ali gwa.

A Likoswe, omwe aja anayambitsa nkhani ya khwapa, anandigwira mkono. Zaka zimenezi anali ataona a Namakhwa akusenza udzu tsiku ndi tsiku, ndipo ndikhulupirira zinkawadya mumtima.

"Adokotala, bwana kulibe," ananong'ona. "Kamwanaka kapita kale. Tikasiye. Tikakwirira kumabulugamu, tidzati kanali ndi kachitsa paphewa. Ine ndidzachitira umboni. Ndani akafukule?"

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinakana nthawi yomweyo, kapena kuti ndinavomera chifukwa cha chifundo. Sindinachite chilichonse mwa ziwirizi. Ndinangoima, manja ali lende, mutu uli mbuu. Ndinkaona kuti pangano lija linali lopanda nzeru, ndipo bodza likanangokonza chimene kupanda nzeruko kunaononga. Ndinkaonanso kamtima ka tholelo kakugunda pansi pa nthiti.

A Namakhwa anali atamva zonse. Anagwada, anachotsa mamina m'mphuno mwa thole ndi zala, analitikita pachifuwa ndi udzu wouma mwamphamvu, kenako anatenga kaudzu n'kulitokosa m'mphuno. Linayetsemula. Linapukusa mutu n'kukoka mpweya.

"Kabwino aka," anatero. "Kadzakhala ka mkaka. Kapatseni make akanyambite."

Chotsala chinali changa. A Jere atabwera madzulo ndinapita ku ofesi. Ndinawauzanso za kudumpha kwa magazi, za m'mimba, za khwapa limene silingabale mwendo, ndipo ulendo uno ndinkaona ngati ndafotokoza bwinoko. Ndinawauza kuti popanda mkono wa a Namakhwa tikanataya ng'ombe ndi mwana yemwe. Anandisiya ndimalize, kenako anafunsa kuti miyendo ndi ingati. Ndinati inayi.

Lole inabwera kutha kwa mwezi. Katundu atakwezedwa, a Namakhwa anapempha dalaivala kuti aime pakhola. Anatsika, anamukanda Fayifi pamalo paja, anayang'ana kathole kakuyamwa. Kenako anabwera kwa ine.

"Adokotala, ine zimene munkanena pakhonde paja sindinazimve. Koma ndinamva kuti pali wina amene anauza mwendo uja kuti umere pamenepo. Mwana wanu wa ku Zomba uja akadzamupeza, mudzandiuze. Ndingofuna ndidziwe kuti sindine."

Ndinalonjeza.

2009

Ndinapuma ntchito chaka chimenechi. Fayifi anali akukamidwabe, ndipo mkaka wake unkathiridwa m'thanki imodzi ndi wa zinzake. Onse amene ankathawa pakhola paja anaumwa mu tiyi osafunsa. Matole ake onse amene ndinawaona anali a miyendo inayi, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati zimenezo zikutanthauza kanthu.

A Namakhwa ali ku Masambanjati, amagulitsa nthochi ndi mapeyala m'mbali mwa msewu. Ng'ombe sanaigwirenso. Ana awo awiri aakulu analekera sukulu panjira. Ndikadutsa pa minibasi amandiona, amaimirira, n'kutukula nsidze mondifunsa, ine n'kupukusa mutu pawindo.

Tiyamike, iwe tsopano ukuphunzitsa ena zinthu zimenezi, ndipo umandiuza kuti akatswiri apeza zambiri kuyambira nthawi ija. Ngati yankho lilipo, usanditumizire ine, ndikalipotozanso panjira. Ukwere minibasi upite wekha. Ukatsike pamsika, ufunse bambo wamtali wogulitsa nthochi, ndipo ukawauze pang'onopang'ono, osatchula akapitao. Akalamba, ndipo akudikirabe.